Poti sanakumenye, ndiye kuti si nkhanza?

aNaphiri: Mwaswera bwanji nonse. Sabata yatha tikukambirana za ankhoswe panatsala funso lomwe sitinaliyankhe bwino, ndipo anthu angapo alibwereza. Ngati munthu sakumenyedwa, thupi lilibe bala, kodi angapite kupolisi kapena kukhoti n'kukanena kuti akuchitiridwa nkhanza? Pagulu pano tili ndi anamwino, odziwa malamulo komanso alangizi. Chonde tiyankhe zogwirika. Musatchule dzina la munthu, musaponyenso chithunzi cha wina aliyense.

aMwale: Angapite, mayi. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 silinaime pa kumenya pokha. Limatchula nkhanza za pathupi, zokhudza kugonana, za m'maganizo, za pachuma, komanso kumutsekereza munthu kuti asamacheze ndi abale ndi anzake. Mawu oti banja m'lamuloli ndi otambasuka. Si okhawo amene anadalitsa ukwati kutchalitchi kapena anachita chinkhoswe ayi. Amene munabereka naye mwana, kholo, mwana, wachibale amene mukukhala naye nyumba imodzi, onsewa alimo, ndipo mwamuna naye limamuteteza. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 42 mwa 100 alionse amene anakwatiwapo anachitiridwapo nkhanza ndi amuna awo. Powerengapo anaphatikiza za m'maganizo, osati zibakera zokha.

aNachisale: Ndiyambe ndi za m'maganizozo chifukwa ndi zimene anthu amazipeputsa. Izi siziwoneka pakhungu, zimawoneka pa mmene nyumba imasinthira geti ikangolira. Ana amene amaseka pabalaza amazimitsa wailesi n'kulowa kuchipinda osatumidwa. Mayi amayang'ana msanga ngati mbale zili m'malo mwake, n'kufufuta nambala ya mchemwali wake imene yaimba masana. Palibe wamenyedwa, koma nyumba yonse ikuyenda monyang'ama.

Zimene zimachitika kawirikawiri ndi izi: kutukwana ndi kunyoza pamaso pa ana, kumuchititsa manyazi pagulu, kukhala sabata ziwiri osamuyankhula, kusiya nsima imene waphika n'kukagula chipisi kuti amve kuwawa, kumuwerengera nthawi yochokera kumsika wa Limbe kufika kunyumba, kuimba foni kakhumi ali kumaliro. Palinso kuwopseza: ndikulanda ana, ndikuthamangitsa usiku uno, ukangochoka ndidzipha. Ina yobisika kwambiri ndi yomukanira munthu zinthu zimene waziwona ndi maso mpaka ayambe kukayikira mutu wake. Dzulo anamutukwana, lero akuti unalota, wayamba misala. Zikapitirira miyezi, munthu amasowa tulo, amawonda, mutu sumupola, mtima umangogunda, ndipo amayendera chipatala kufuna mankhwala a malungo amene alibe.

aGama: Ndikumva, achemwali, koma ndifunse ngati nkhoswe. Banja liti lomwe silikangana? Mano ndi lilime zimalumana zili m'kamwa mmodzi. Mwamuna kufunsa kuti unali kuti, kodi si nsanje ya chikondi imeneyo? Tikati chilichonse ndi nkhanza, mabanja onse a ku Bangwe kuno athera kupolisi.

aNachisale: Funso lanu ndi loyenera, bambo. Kukangana kulipo, ndipo si nkhanza. Pofuna kusiyanitsa, funsani zinthu zitatu. Choyamba, ndani akuwopa mnzake? Pa mkangano wamba onse awiri amakweza mawu, mawa wina akhoza kubwereza maganizo ake osanjenjemera. Pa nkhanza mantha amakhala mbali imodzi. Chachiwiri, ndani wasintha moyo wake kuti apewe mkwiyo wa mnzake? Ngati mayi wasiya kwaya, wasiya geni, wasiya kupita kwawo ku Lunzu, pamene bamboyo sanasiye kalikonse, pamenepo sipakhalanso kukangana, wina akulamulira mnzake. Chachitatu, kodi zikubwerezabwereza ndipo zikukula? Kufunsa kuti unali kuti kamodzi ndi funso. Kufufuza foni usiku uliwonse, kununkhiza zovala, kutuma ana kuti azizonda mayi awo, chimenecho si chikondi.

Muwonenso kazunguliridwe kake. Mkwiyo umaunjikana, kenako umaphulika, kenako pamabwera kupepesa, chitenje chatsopano, nkhuku, misozi, sindidzachitanso. Ankhoswe ambiri amaitanidwa pa nthawi yopepesayi, ndiye amapeza munthu wofatsa, wogwada, n'kuganiza kuti nkhani yatha. Pakapita nthawi, masiku a chitenje aja amafupika, ophulika amachuluka.

aNankhoma: Ine ndinene za ndalama, chifukwa kumabanki m'khonde kuno ku Ndirande n'kumene nkhanza zimenezi zimawonekera poyera. Zili mitundumitundu. Wina amalandira malipiro mwezi ndi mwezi koma pakhomo sasiya ya ndiwo, lendi sapereka, fizi sapereka, kuti mkazi azichita kugwada. Wina amasiya K3,000 m'mawa, madzulo akufuna nyama ndi chenje chomwe. Wina amaletsa mkazi ntchito, kapena amapita kuntchito kwake kukachita phokoso mpaka amuchotse. Wina amadya mpamba wa geni: mayi wagula belo la kaunjika, wagulitsa theka, ndalama zatengedwa pansi pa matiresi.

Yowawa kwambiri ndi ya ngongole. Bambo amakakamiza mkazi kutenga ngongole kugulu kapena kwa akatapila m'dzina lake, ndalama n'kutenga iye. Tsiku lobweza, amene dzina lake lili m'buku ndi mayi uja, ndipo amene amalandidwa mbaula, mapoto ndi matiresi ndi iye yemwe. Pamapeto gulu limamuchotsa, anzake amamutcha wakuba, ndiye wataya ndalama ndi anthu omwe akanamuthandiza.

Zoyenera kuchita. Simu khadi ikhale yolembetsedwa ndi chiphaso chanu cha unzika, osati cha amuna anu, chifukwa ndalama za pa Airtel Money kapena Mpamba zimatsata dzina limene lili pa simuyo. Pini isakhale chaka chobadwa chanu kapena cha mwana, amenewo ndi manambala oyamba kuyesedwa. Chiphaso cha unzika musachipereke kwa munthu kuti akusungireni. Mukamagula puloti kapena kumanga, dzina lanu lilembedwe pa kalata yogulirana ndi pa mapepala a kwa amfumu kapena kukhonsolo, ndipo malisiti a simenti, malata ndi njerwa muziwajambula n'kusunga kwa munthu wodalirika. Kwa atsogoleri a magulu: musamalengeze tsiku logawana masheya kwa aliyense, ndipo amene akuwopa kulandidwa mulole kuti ndalama zake zipite pafoni kapena kubanki m'malo monyamula m'chikwama. Miyezi yogawana, makamaka kumapeto kwa chaka, ndi pomwe ndewu za ndalama zimabuka.

aMwale: Ndiwonjezere pa zimene anena aNankhoma. Mawu oti unabwera ndi chiyani pano alibe mphamvu kukhoti monga anthu amaganizira. Gawo 24 la malamulo oyendetsera dziko limati banja likatha mayi ali ndi ufulu wogawiridwa mwachilungamo katundu amene anali wa onse awiri, komanso chisamaliro. Lamulo la maukwati la 2015 limauza khoti kuti pogawa katundu liziganiziranso ntchito za pakhomo, kuphika, kulera ana, kusamala nyumba, ngati gawo limene munthu anasonkha. Ndalama zosamalira ana sizidikira kuti banja lithe, ndiponso sizidalira kuti munakwatirana. Mukhoza kukasuma muli m'nyumba momwemo. Tengani mndandanda wa zimene mwana amafuna pamwezi, fizi, chakudya, sopo, mankhwala, ndi chilichonse chosonyeza kumene bamboyo amagwira ntchito kapena bizinesi yake.

Kulanda katundu wamasiye nakonso ndi nkhanza za pachibale, ndipo ndi mlandu pansi pa lamulo la chuma chamasiye la 2011. Achibale a malemu alibe ufulu wonyamula sofa ndi firiji maliro asanathe. Zikayamba, lembani katundu yense, jambulani, kanizani kusaina pepala lililonse pa siwa, ndipo kadziwitseni apolisi ndi ofesi ya DC kapena ya Administrator General, mkulu wa boma woyang'anira chuma chamasiye.

aNambewe: Tabwerani ku za pathupi, chifukwa nazonso anthu saziwerenga bwino. Amati anangondikankha, anangondipatsa khofi limodzi. Kukankha, kukoka tsitsi, kupotokola mkono, kugenda ndi kapu, kutsekera m'chipinda, kutsekera kunja usiku wa chiperoni, kumana chakudya, kuletsa wodwala kupita kuchipatala, zonsezi ndi nkhanza za pathupi.

Pali zinthu zimene sizifuna kudikira kuti kuche. Choyamba ndi kukanyanga pakhosi. Nthawi zambiri pakhosipo sipatsala chizindikiro, ndiye munthu amati ndili bwino. Koma m'kati mukhoza kutupa patapita maola, ngakhale tsiku lotsatira. Mawu akasasa, kumeza kukamawawa, kupuma kukamavuta, m'maso mukawoneka timadontho tofiira, kapena ngati munthu anakomoka kapena kudzikodzera pa nthawiyo, athamangire kuchipatala ndipo anene mosabisa kuti anakanyangidwa. Ndinenenso poyera: mwamuna amene wafika pogwira pakhosi wafika pafupi ndi kupha. Kumeneko sikufunanso kuyesa kachiwiri.

Chachiwiri ndi kumenyedwa m'mutu kapena kuwombetsedwa kukhoma. Kusanza, kusinza kosadzutsika bwino, mutu wowawa mowonjezereka, kusokonekera, magazi kapena madzi otuluka m'khutu kapena m'mphuno, chipatala msanga. Khofi la pakhutu likhoza kuboola kachikopa ka m'kati. Musathiremo mafuta kapena madzi, musatokosemo, likawonedwe. Mayi woyembekezera akamenyedwa pamimba kapena kugwetsedwa, apite tsiku lomwelo ngakhale sakutaya magazi, makamaka mwana akachepetsa kugunda. Wothiridwa madzi otentha kapena phala, thirani madzi ozizira oyera pamalopo kwa mphindi 20. Osapaka mankhwala otsukira mano, dzira kapena mafuta ophikira, zimenezo zimasunga kutentha ndi kubweretsa mafinya.

Cholakwika chachikulu ndi kunama kuchipatala. Munthu amati ndinagwa kubafa, dokotala amalemba zomwezo m'buku, ndiye pakatha miyezi itatu nkhani ikafika kukhoti buku lake lomwe likumutsutsa. Pemphani kuyankhula ndi dokotala kapena namwino muli nokha, wokuperekezani atuluke, munene zimene zachitika, ndi chida chimene anagwiritsa ntchito. Mabala ajambulidwe tsiku lomwelo komanso patapita masiku awiri, chifukwa kutupa ndi kuda kwa khungu kumawoneka bwino pambuyo pake. Jambulani chithunzi chimodzi chowonetsa nkhope, china chapafupi mutayika ndalama yachitsulo pambali pa bala kuti kukula kwake kudziwike.

aJere: Asisi, nanga kalata ya kupolisi? Anthu ambiri amati kuchipatala sakulandira wopanda kalata.

aNambewe: Wovulala ayambire kuchipatala, achimwene. Moyo kaye. Kalata ya kupolisi ndi yoti adokotala alembepo lipoti la mlandu, ndipo ikhoza kubwera pambuyo. Ngati munthu akuyenda bwinobwino ndipo polisi ili pafupi, akhoza kuyambira ku Victim Support Unit, nthambi ya polisi yothandiza ochitiridwa nkhanza, amupatse kalatayo, apite nayo kuchipatala, kenako aibwezere kupolisi. Asanaibweze aijambule kapena achite fotokope. Mapepala amasowa.

Za kugonana ndiye zimene anthu amameza osanena. Kukakamizidwa ukudwala, utangobereka kumene, utakana, kapena powopsezedwa kuti ndikatenga wina, ndi nkhanza ngakhale pali ukwati. Kukana kondomu mwadala munthu akudziwa kuti ali ndi matenda, kubisa kapena kutaya ma ARV a mnzake, kumuletsa kulera, kumukakamiza kuchotsa kolera ka pamkono, kapena kumukakamiza kuchotsa mimba, zonsezi zili m'gulu lomweli. Ma ARV akamadukizadukiza kachilombo kamachulukanso ndipo mankhwala akhoza kusiya kugwira ntchito, ndiye amene akubisiridwa mankhwala auze a kuchipatala kumene amalandirira kuti apeze njira ina yosungira. Lamulo la 2013 loti pasakhale kusiyana pakati pa amuna ndi akazi limati wazaumoyo apereke njira zolera kwa wofuna, kaya ali pabanja kaya ayi, kaya wabwera ndi mwamuna kaya wabwera yekha.

Wogwiriridwa asunge manambala awa. Mankhwala a PEP oteteza ku HIV ayambidwe pasanathe maola 72, ndipo amamwedwa masiku 28 osadumphitsa. Mapiritsi olera a pangozi amagwira mpaka maola 120, koma akamwedwa msanga ndi pamene amathandiza kwambiri. Ngati n'kotheka asasambe, asachape zovala. Zovalazo zikulungidwe m'pepala kapena mu envelopu, osati m'jumbo, chifukwa pulasitiki imasunga chinyezi n'kuwononga umboni. Ngati wasamba kale, apitebe. Kuchipatala cha Queens ku Blantyre kuli malo a Chikwanekwane komwe azaumoyo, apolisi ndi a zachisamaliro cha anthu amapezeka pamodzi, kuti munthu asamabwereze nkhani yake makomo asanu. Mwana ndiye asachedwe nkomwe, ndipo musamupanikize ndi mafunso kunyumba. Mverani zimene wanena yekha, lembani mawu ake momwe wawanenera, mupite naye.

aGama: Apa ndiye ndagwirizana nanu, ndipo ndinene kwa ankhoswe anzanga. Ntchito yathu ili ndi malire. Kusamvana pa ndalama, pa apongozi, pa kaleredwe ka ana, zimenezo n'zathu. Koma pakatuluka magazi, pakagwiridwa chikwanje, pakagwiridwa pakhosi, pakakhudzidwa mwana, imeneyo si ya pamphasa. Ndi mlandu, ndipo nkhoswe woukwirira akuthandiza wolakwa. Makamaka nkhani ya mwana wogonedwa ndi bambo womupeza kapena amalume, kulipitsana mbuzi kuti zithere pakhomo n'kumugulitsa mwanayo.

Ngakhale pa nkhani zimene tingazikambe, kachitidwe kathu kamalakwika. Timawakhazika pamodzi n'kuti mayi yankhulani. Ayankhula bwanji pamaso pa munthu amene apite naye kunyumba usiku womwewo? Muyambe mwawamva payekhapayekha, mayi amvedwe ndi nkhoswe ya kwawo pamalo pomwe mwamuna sakumva. Zimene wanena mseri musakazitulutse pabwalo iye asanalole. Musafunse kuti munawalakwira chiyani, funso limenelo lagamula kale mlandu. Ndipo mawu oti banja ndi kupirira tiwagwiritse ntchito pa umphawi ndi matenda, osati pa ndodo.

aNachisale: Zikomo bambo, mawu amenewo afike kwa alangizi a pa bridal shower ndi a kumipingo omwe. Chifukwa chomwe uphungu wa awiri pamodzi suthandiza pomwe pali mantha n'chomwecho: wozunzidwa akanena zoona amakalangidwa, akabisa, mlangizi amaganiza kuti zatheka.

aJere: Tisaiwale abambo. Alipo amene amathiridwa madzi otentha, kumenyedwa ndi mthiko kapena mpini, kulandidwa khadi ya kubanki, kutukwanidwa za kuchipinda pamaso pa aneba, makamaka ntchito ikatha. Sanena chifukwa akuwopa kusekedwa, mwamuna salira. Mapeto ake ena amalowerera mowa, ena amadzichotsera moyo. Njira ndi yomweyo: chipatala, Victim Support Unit, khoti. Chofunika kwa bambo ndi kusabwezera. Akabwezera, amene ali ndi mphamvu zambiri ndi amene amavulaza kwambiri, ndipo mlandu umatembenuka. Atuluke, apeze mboni, akanene. Mnzanu akayamba kugawa katundu wake, kutsanzika mosadziwika bwino, kapena kunena kuti bola kufa, mufunseni mwachindunji ngati akuganiza zodzipha, musamusiye yekha, muchotse mankhwala a mbewu ndi a makoswe m'nyumbamo, mupite naye kuchipatala.

aMwale: N'zoona, ngakhale ovulala kwambiri ndi ophedwa ambiri amakhala amayi. Agogo nawonso tiwakumbuke. Kuwamana chakudya, kuwalanda ndalama za penshoni kapena za mtukula pakhomo, kuwagulitsira malo, kuwatchula ufiti mwana akadwala. Lamulo la za ufiti la 1911 likadalipo, ndipo pansi pa lamulolo kumunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Gogo amene wayamba kuiwala, kusochera, kuyankhula zosagwirizana, akudwala, akufunika chipatala. Atsikana antchito za m'nyumba, ana opeza ndi anthu olumala ndi ena amene amazunzikira kuseri kwa mpanda. Ndipo kukwatiwitsa mwana wosakwana zaka 18 n'koletsedwa, lamulo la 2015 linatero, malamulo oyendetsera dziko anasinthidwanso mu 2017 kuti zigwirizane.

aNankhoma: Nanga za pafoni? Atsikana ambiri akuwopsezedwa ndi zithunzi.

aMwale: Kuwopseza kuti ndimwaza zithunzi zako zamaliseche, kutumiza mauthenga otukwana usiku wonse, kutsegula akaunti yabodza pa Facebook kuti amunyoze, lamulo la 2016 la za pa intaneti limaletsa kuzunza ndi kulondalonda munthu mwa njira zotere. Cholakwika chimene ambiri amachita ndi kufufuta mauthenga chifukwa cha mkwiyo kapena manyazi. Musafufute. Jambulani uthengawo nambala ya wotumiza, tsiku ndi nthawi zikuwoneka, tumizani kwa munthu mmodzi wodalirika kapena ku imelo imene mnzanuyo saidziwa. Mauthenga a mawu nawonso asungidwe. Musamulipire kuti asamwaze, akalandira kamodzi abweranso. Pa WhatsApp lowani pomwe pamawonetsa zipangizo zolumikizidwa, mukapeza kompyuta kapena foni yosaidziwa, dziwani kuti wina akuwerenga mauthenga anu. Koma ngati mukukhala naye nyumba imodzi, ganizani kaye musanaichotse, chifukwa adziwa pompo. Nthawi zina ndi bwino kuisiya, nkhani zofunika n'kumayankhulira pafoni ya wina.

aNaphiri: AMwale, tafotokozani za chikalata cha kukhoti choteteza wozunzidwa. Anthu amangomva kuti protection order koma sadziwa poyambira.

aMwale: Lamulo la 2006 lija lili ndi zikalata zitatu. Protection order imaletsa wozunzayo kumenya, kuwopseza, kulondalonda, kuimba foni kapena kufika kunyumba ndi kuntchito kwa wodandaula. Occupation order imapatsa wodandaula ufulu wokhala m'nyumba, wozunzayo n'kutuluka. Tenancy order ndi ya nyumba ya lendi, imachititsa kuti wodandaula akhale iye wochita lendiyo. Kwa ife a m'tauni, amene ambiri tili m'nyumba za eni, yachitatuyi ndi yofunika kuidziwa.

Poyambira ndi kukhoti la majisitireti, kuno ku Blantyre kapena ku Limbe. Simukufunika kuthetsa banja kuti mupemphe, simukufunikanso kuti mnzanuyo amangidwe kaye. Mukafika kwa kalaliki munene kuti mukufuna chitetezo pansi pa lamulo la nkhanza za m'banja. Mudzalemba zimene zakhala zikuchitika molumbira. Apa ndi pamene kabuku kolembamo zimene zachitika kamathandiza: tsiku, nthawi, zimene ananena, zimene anachita, amene anawona. Mawu oti amandizunza nthawi zonse ndi ofooka. Mawu oti pa 3 Juni usiku ananditsekera kunja ndi mwana mpaka m'mawa, aneba awiri anawona, ndi olimba. Kwa amene alibe bala, kabuku kameneka, mauthenga a pafoni ndi mboni ndiwo mabala ake. Ngati pali ngozi, pemphani chikalata chongoyembekezera, chimene khoti likhoza kupereka winayo asanamvedwe. Wozunzidwa akalephera kupita yekha, wapolisi kapena kholo akhoza kumupemphera. Wosowa ndalama za loya apite ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza pa milandu, kapena ku WOLREC, bungwe loteteza ufulu wa amayi, onse ali mumzinda muno.

Zimene zimalakwika ndi zitatu. Chikalata sichinaperekedwe m'manja mwa wozunzayo, ndiye akuti sindikuchidziwa. Funsani ndani akapereke ndipo liti, musakapereke nokha. Chachiwiri, wozunzayo wachiphwanya kamodzi, wodandaula wangokhala chete. Kuphwanya chikalata cha khoti ndi mlandu pawokha, kanenedwe tsiku lomwelo, ndipo kope imodzi ikhale m'chikwama, ina kupolisi ya kwanuko, ina kwa mbale. Chachitatu ndi kuthetsa mlandu chifukwa apongozi abwera kudzagwada, kapena chifukwa wodyetsa ana ndi yemweyo. Mantha a njala ndi enieni, sitingawanyoze. N'chifukwa chake pempho la chisamaliro cha ana liziyendera limodzi ndi la chitetezo. Mukapeza wapolisi wa pakauntala akuti kakambiraneni kunyumba, pemphani kuonana ndi a Victim Support Unit kapena mkulu wa polisiyo.

aNachisale: Chimodzi chimene abale amalakwitsa ndi chikondi chomwe: kumuuza kuti ingochokapo lero. Nthawi yochoka ndi miyezi yotsatira ndiyo yowopsa kwambiri, chifukwa wolamulira uja akuwona kuti zikumupulumuka. Kuchoka kumafuna kukonzekera mwakachetechete. Osalengeza, osawopseza kuti ndikupita. Kachikwama kakhale kwa munthu wina, osati pansi pa bedi: chiphaso cha unzika, mabuku a kuchipatala anu ndi a ana, makadi a sikelo, mankhwala a mwezi, satifiketi za sukulu, kalata ya ukwati, makiyi apadera, zovala zosinthira, ndi ndalama ya minibasi kapena kabaza. Manambala awiri muwasunge pamtima, foni ikhoza kuphwanyidwa. Kothawira kusakhale koyamba kumene iye angaganize. Kusukulu ya ana akauzidwe amene ali wololedwa kudzawatenga.

Ndewu ikayamba, pewani kukhitchini komwe kuli mipeni ndi mbaula, pewani kubafa komwe kulibe potulukira, sunthirani kufupi ndi khomo. Ana aphunzitsidwe kuti asalowe pakati, athamangire kwa aneba amene munapangana nawo. Nambala ya 5600 ndi ya nkhanza zotere, 116 ndi ya ana, zonse ndi zaulere.

Ndipo munthu akabwerera kwa mwamuna uja, musamutaye. Ambiri amachoka n'kubwerera kangapo asanachokeretu. Mukamunena kuti ndiwe wopusa, ulendo wina sadzagogodanso kwanu, ndipo wozunza uja wapeza zimene amafuna.

aJere: Funso lotsiriza kwa ine. M'nyumba za mdadada khoma ndi limodzi, zonse zimamveka. Neba achite chiyani usiku akamva kukuwa?

aGama: Asalowe yekha, makamaka ngati mwamveka chitsulo kapena munthuyo waledzera. Adzutse amuna ndi amayi awiri atatu, ayatse magetsi a panja, agogode mwamphamvu n'kuitana dzina la mwini nyumba. Nthawi zambiri kungodziwa kuti anthu ali pakhomo kumaimitsa dzanja. Wina aimbire apolisi kapena a chitetezo cha m'dera nthawi yomweyo, osadikira kuti tione kaye, pakadafunda padajiwitsa galu. Chitseko chikatseguka musayambe kuweruza mlandu pakhonde, ndiponso musamumenye bamboyo, mungasanduke olakwa ndinu. Tulutsani ana ndi wovulala, agone kwina usiku umenewo.

aNambewe: M'mawa mwake mayi mmodzi amupeze ali yekha, kumpopi kapena pochapa, osati pa gulu. Amuuze mawu ochepa: ndinamva usiku, sindikuuza aliyense, khomo langa ndi lotsegula. Apangane chizindikiro, kaya kugogoda khoma katatu, kaya kutuma mwana kudzapempha mchere usiku, chotanthauza kuti itanani anthu. Nebayo alembe tsiku ndi nthawi imene anamva, chifukwa akhoza kudzafunika ngati mboni. Ndipo amuyang'ane pakhosi ndi m'maso, amvetsere mawu ake. Ngati asasa, asadikire kuti amalize kuchapa, apite naye kuchipatala.